MALASHA, MADZI NDI DZUWA

Palibe mudzi umene ungakhale wopanda moto. Makolo athu anadziwa moto wa nkhuni ndi wa makala, ndipo ndi moto womwewo anaphika nsima, naocha mbiya, nasungunula citsulo m'ng'anjo. Ngakhale mkuwa anausungunula ndi makala pa Kansanshi zaka mazana ambiri Azungu asanafike. Koma pamene migodi yaikulu inatsegulidwa, moto wa nkhuni unacepa, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mbiri ya dziko lino yatsata funso limodzi: kodi mphamvu yoyendetsa makina tidzaitenga kuti? M'zaka zoposa 100 dziko layesa njira zitatu, ndizo malasha ndi mafuta, madzi a m'mitsinje, ndipo tsopano dzuwa. Inu amene mwatsiriza sukulu mudzamva anthu alikutsutsana, ena nati malasha ndiwo okhulupirika, ena nati tiwaleke msanga. Musanalowe m'mtsutso umenewo nkwabwino kuti mudziwe mtengo umene unalipiridwa pa njira iri yonse, ndi anthu amene anaulipira.

Tiyambe tamvana pa mau amodzi. M'matauni mwathu makala a mitengo tiwachulanso malasha, koma m'nkhani ino malasha ndi mwala wakuda wokumba pansi, ndipo a mitengo aja ndidzawachula makala.

Nkhokwe ndi munda

Mphamvu zonse zimene anthu agwiritsa nchito ziri za mitundu iwiri. Malasha ndi mafuta zinapangika kucokera ku zomera ndi tizamoyo timene tinakwiririka pansi kale lomwe. Malasha a ku Hwange ndi a ku Maamba ndi zotsala za nkhalango zimene zinamera m'madambo zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Afanana ndi nkhokwe imene munthu waipeza yodzala cosalimira: atapamo tsiku liri lonse, mvula igwe kapena isagwe, koma palibe wobwezeramo. Madzi, dzuwa ndi mphepo zifanana ndi munda, umene ubala caka ndi caka osatha, koma mwini wace sakhala wosayang'ana kumwamba. Tiyeni tione m'mene dziko lathu linayendera pakati pa nkhokweyo ndi mundawo.

Njanji itsata malasha

M'zaka za m'ma 1890 Mjeremani wina, dzina lace Albert Giese, anamva mbiri ya miyala yakuda yoyaka moto m'dziko la mfumu Hwange, kum'mwera kwa Zambezi. Anapita naipeza, ndipo pamalopo panatsegulidwa mgodi umene Azungu anauchula Wankie. Omanga njanji yocokera ku Bulawayo anaikhotetsa kuti idzere pa malashawo. Inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1904, ulalo wa pa Zambezi unatha mu 1905, ndipo mu 1906 sitima inalowa m'Broken Hill, mzinda umene lero ndi Kabwe. Pofika 1909 njanji inali pa malire a Congo. Motero Livingstone, Choma, Mazabuka, Lusaka, Kabwe ndi Ndola zinaima pa mzera umene malasha a ku Wankie anathandiza kulemba.

Migodi yaikulu ya mkuwa inayamba kubala motsatana: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933 ndi Nchanga mu 1939. Mgodi ndi cinthu cosusuka. Ufuna moto wosungunula miyala, ufunanso magetsi otsitsa ndi kukweza anthu m'dzenje, opopa madzi kuti dzenjelo lisamire, ndi opemerera mpweya kwa okumba. Zonsezi zinadalira malasha ocokera mtunda woposa makilomita 800, pa njanji imodzi yokha.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko anafuna mkuwa wambiri, koma mgodi wa Wankie ndi njanji zinalephera kutumiza malasha okwanira. Pamenepo makampani anabwerera ku moto wa makolo. Analemba anthu odula mitengo, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi nkhalango zozungulira migodi zinathera m'ng'anjo za makina opanga magetsi. Mu 1956 anakoka nthambo kucokera ku Le Marinel, pa mtsinje wa Lualaba m'Congo, kuti agule magetsi kumeneko. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Malasha anali a eni, mbali ina ya njanji inali m'dziko la eni, ndipo eni migodi anaona kuti afunika mphamvu imene siidikira sitima.

Khoma la pa Kariba

Nzeru yopanga magetsi ndi madzi sinali yacilendo kuno. Mgodi wa Broken Hill unamanga damu pa mtsinje wa Mulungushi, limene linatsegulidwa mu 1925, ndipo mu 1938 makina ang'ono anayamba nchito pa Mosi-oa-Tunya. Macitidwe ace ngosabvuta kumva. Madzi ochingidwa ndi khoma atsika ndi mphamvu m'mipope napukusa gudumu lacitsulo, ndipo gudumulo lizunguza makina obala magetsi. Madziwo akatha nchito abwerera kumtsinje monga analowera, osapsa, osasanduka utsi.

Pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa mu 1953, Boma la Northern Rhodesia linali litasankha kale kumanga pa mtsinje wa Kafue. Koma mu 1955 nduna yaikulu ya Citaganya, Godfrey Huggins, inalengeza kuti khoma lidzamangidwa pa Kariba, ndipo nyumba ya makina inakumbidwa ku tsidya la kum'mwera. Anthu ambiri kuno anadandaula, popeza makampani a mkuwa wathu ndiwo anakongoza gawo lalikulu la ndalama pamodzi ndi World Bank. Wolemba mapulani anali Mfalansa, André Coyne, ndipo omanga anali kampani ya Ataliyana yochedwa Impresit. M'zaka za 1957 ndi 1958 Zambezi anasefukira koopsa naononga nchito yambiri, ndipo Atonga anati Nyaminyami, mwini mtsinje, wakwiya. Cinkana zinatero, khoma la mamita 128 kutalika kwace linatseka mtsinje mu December 1958, ndipo linatsegulidwa mwa mwambo mu May 1960. Anchito 86 anafa pa nchitoyo. Kumbuyo kwa khoma kunabadwa nyanja yotalika makilomita oposa 200.

Magetsi a madzi achedwa oyera cifukwa alibe utsi, ndipo nzoona. Koma pansi pa nyanja ya Kariba pali midzi. Atonga a m'cigwa ca Gwembe, okwana 57,000 kuwerenga matsidya onse awiri, anacotsedwa pa malo ao. Anasiya minda ya m'mbali mwa mtsinje imene anali kukololamo kawiri pa caka, nasiyanso manda a makolo ao ndi malo opembedzerapo mvula. Mu September 1958 anthu a mfumu Chipepo, pa mudzi wa Chisamu, anakana kukwera malole opita ku Lusitu. Apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu 8 anafa. Ku Lusitu nthaka inali youma, madzi anali osowa, ndipo ambiri anadwala. Akatswiri awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anatsata moyo wa anthuwa kuyambira mu 1956, nalemba m'mene mabanja anasaukira. Nyuzipepala za kunja zinasimba kwambiri za nyama pafupifupi 6,000 zimene zinapulumutsidwa pa zisumbu m'nchito yochedwa Operation Noah, koma za anthu zinanena pang'ono. Kwa zaka makumi angapo nthambo zinadutsa pamwamba pa midzi ya Atonga kupita ku migodi, eni midziyo ali kuunikira ndi nyali. Timati walira mvula walira matope, koma pa Kariba olira mvula anali ena, oponda matope analinso ena.

Zimene caka ca 1965 cinaphunzitsa

Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964, koma malasha ace, mafuta ace ndi makina akulu a magetsi ace zonse zinali kutsidya kwa Zambezi. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia wadzipatula kwa Britain. Britain analetsa mafuta kulowa m'Rhodesia, ndipo mafuta obwera kuno kudzera kumeneko anatsekedwanso. Ndege za Britain, Canada ndi America zinayamba kututa mafuta, petulo anagulitsidwa moyesa, ndipo malole odzala migolo anayenda usana ndi usiku pa mseu wafumbi wocokera ku Dar es Salaam, umene madalaivala anauchula Hell Run cifukwa ca kucuruka kwa ngozi.

Boma la Kenneth Kaunda linayankha ndi nchito zitatu. Linatsegula mgodi wa malasha pa Nkandabwe mu 1966, ndipo pambuyo pace pa Maamba, m'cigwa comweco ca Gwembe, pafupi ndi nyanja ya Kariba. Linagwirizana ndi Tanzania kuika mpope wa mafuta wa TAZAMA, wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, umene unatha mu 1968, ndipo mu 1973 fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa. Koposa zonse linabwerera ku Kafue. Kampani ya ku Yugoslavia inamanga makina pa Kafue Gorge amene anayamba kupereka magetsi mu 1971. Makina a tsidya lathu la Kariba anayamba mu 1976. Ndipo damu la Itezhi-Tezhi, losungira madzi a Kafue, linatha mu 1977. Bungwe la ZESCO linakhazikitsidwa mu 1970 kuti liyang'anire magetsi a dziko. Zaka za m'ma 1970 zisanathe, Zambia anali ndi magetsi oposa cosowa cace, nayamba kugulitsa kwa anansi.

Taonani kuti atsogoleri a nthawiyo anasankha madzi osaganizira za utsi konse. Anawasankha cifukwa mitsinje inali yathu, ndipo panalibe mdani wakuitsekera pa malire. Mafuta okha ndiwo anakhalabe cironda, popeza dziko lino liribe zitsime za mafuta. Mu 1973 mtengo wa mafuta pa dziko lonse unakwera pafupifupi kanai, mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo Zambia analowa m'ngongole zimene anabvutika nazo zaka zambiri.

Mtsinje ucepa

Kucokera mu 1977 panapita zaka zoposa 30 popanda kumanga makina ena akulu a magetsi. M'menemo anthu anacuruka, kucokera pa mamiliyoni atatu ndi theka pa nthawi ya ufulu kufika pa mamiliyoni 19.6 pa kalembera wa 2022. Migodi yatsopano inatsegulidwa ku Kansanshi ndi ku Lumwana. Magawo oposa 80 pa 100 a magetsi a dziko anali ocokera ku madzi, ndipo madzi onsewo anali a mvula imodzi.

Mu 2015 mvula inacepa, nyanja ya Kariba inatsika, ndipo magetsi anayamba kuzima maora 8 pa tsiku. Mu 2019 zinabwereza. Makina atsopano a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anatha mu 2023, koma nawonso amwa mvula yomweyo. Mu 2024 kunadza cilala coposa zonsezi. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, ndipo pofika September makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a tsidya lathu la Kariba ndiwo anali kuzungulira. M'makomboni ambiri magetsi anayaka maora atatu okha pa tsiku. Zigayo zinaima, oocherera zitsulo ndi ometa tsitsi anakhala manja lende, ndipo nyama inaola m'mabuchala. Amai amene anali kuphika pa sitovu anabwerera ku mbaula, mtengo wa thumba la makala unakwera, ndipo nkhwangwa zinalira m'nkhalango. Icinso ncoopsa, cifukwa mitengo ya kumpoto ndiyo isunga madzi pa magwero a Kafue ndi Zambezi. Woocha makala kumeneko acepetsa mtsinje womwewo umene ukadampatsa magetsi.

M'masiku a mdimawo makina oocha malasha a pa Maamba, a mamegawati 300, amene anayamba nchito mu 2016, anathandiza dziko kwambiri, ndipo mu 2024 nchito yowaonjezera ndi ena 300 inayamba. Cotero amene anena kuti malasha ngokhulupirika ali ndi mfundo yoona, ndipo sitiyenera kuwaseka. Nkhokwe ipulumutsa caka cimene munda wakana.

Mtengo wa utsi

Koma nkhokwe imeneyi iri ndi mtengo wace umene sulembedwa pa pepala lolipirira magetsi. Woyamba kulipira ndi wokumba. Pa 6 June 1972 mpweya unaphulika m'mgodi waciwiri wa Wankie, ndipo anthu 427 anafa, ena mwa iwo ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Mitembo yambiri iri momwemo kufikira lero. Waciwiri kulipira ndi wokhala pafupi ndi mgodi, amene apuma pfumbi ndi utsi namwa madzi odetsedwa.

Wacitatu kulipira ndi dziko lonse lapansi. Malasha ndi mafuta zikapsa ziturutsa mpweya wochedwa carbon dioxide, umene ukhala m'mlengalenga zaka mazana nusunga kutentha monga bulangeti. Wasayansi wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera zimenezi kale mu 1896. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali magawo 280 pa miliyoni. Tsopano wapitirira 420, ndipo caka ca 2024 cinatentha koposa zaka zonse zam'mbuyo mwace zimene anthu anayesapo.

Pano tiyenera kulankhula mosamala. Cilala sicinayambe ndi mafakitale. Agogo athu akumbuka njala ya 1949, ndi makolo athu ya 1992, ndipo cilala ca 2024 cinadza makamaka ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kochedwa El Niño. Koma dziko likatentha, minda ndi nyanja ziuma msanga, ndipo akatswiri a nyengo ayembekeza kuti cigwa ca Zambezi cidzamka ciuma. Utsi wa Zambia ngwocepa kwambiri poyerekeza ndi wa China, America ndi Ulaya, koma cilala sicifunsa amene anayatsa moto. Cifukwa cace maiko anapangana ku Paris mu 2015 kuti acepetse utsi umenewu, ndipo mu 2021 China analengeza kuti sadzamanganso makina atsopano a malasha kunja kwa dziko lace. Ndalama zokongola za nchito yotere zasowa kuposa kale.

Kusiyana kwace nkumeneku. Mtengo wa Kariba unalipiridwa poyamba, ndi anthu odziwika maina ndi midzi yao. Mtengo wa malasha ulipiridwa pang'onopang'ono, ndipo gawo lalikulu ligwera ana amene sanabadwe.

Dzuwa lilowa nchito

Kacipangizo kosandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi ogwira nchito kanaonetsedwa ku Bell Laboratories, m'America, mu 1954, caka cimodzi Kariba asanasankhidwe. Kwa zaka zambiri mtengo wace unali wosafikirika. Koma pakati pa 2010 ndi 2020, mafakitale a ku China atayamba kupanga mapanelo a sola mocuruka, mtengowo unatsika ndi magawo pafupifupi 9 pa 10. Mu 2019 munda wa mapanelo wochedwa Bangweulu, wa mamegawati 54, unatsegulidwa kum'mwera kwa Lusaka, wogulitsa magetsi pa masenti 6 a ku America pa yuniti, umodzi mwa mitengo yotsikitsitsa m'Afirika pa nthawiyo. Pambali pace panatsegulidwa wa Ngonye, wa mamegawati 34. Mu 2024 unatsata wa Itimpi ku Kitwe, wa 60, ndipo mu 2025 wa ku Chisamba, wa 100.

Zokoma za dzuwa nzoonekera. Silidzera pa njanji ya munthu, silimiza mudzi, ndipo caka ca cilala ndico liwala koposa. Munda wa mapanelo umangidwa m'caka cimodzi kapena ziwiri. Ndiponso panelo imodzi ingaikidwe pa denga la sukulu kapena la cipatala ca kumudzi, kutali ndi nthambo, niyatsa nyali, niziziritsa mankhwala, nipopa madzi a kudimba. Umenewu ndi mwai umene Kariba sanapatse midzi.

Zofooka zace tisazibise. Dzuwa lilowa madzulo, nthawi yomwe amai afuna kuphika, ndipo mgodi sugona. Mabatire akulu osungira magetsi afuna ndalama zambiri. Mapanelo agulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo malo oikapo acotsedwa pa minda kapena pa msipu wa anthu ena. Mamegawati 100 a ku Chisamba ngocepa poyerekeza ndi 1,080 a tsidya lathu la Kariba madzi akakhala okwanira.

Komabe dzuwa ndi madzi zikagwirizana, cimodzi ciphimba cofooka ca cinzace. Usana, pamene mapanelo alikugwira nchito, makina a pa Kariba ndi Kafue angapumule ndi kusunga madzi. Usiku madziwo atsegulidwa. Motero nyanja isanduka nkhokwe imene idzazidwanso caka ndi caka, cinthu cimene mgodi wa malasha sungathe kukhala. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo nthambo, makina ndi magalimoto a magetsi zimene maiko alikupanga posiya mafuta zonse zifuna mkuwa. Migodi yathu, imene inaitana malasha a ku Wankie ndi khoma la Kariba, ndipo ikudya pafupifupi theka la magetsi a dziko, ndiyonso ikumba citsulo cofunika pa nchito yosiya malasha.

Kwa inu otsiriza sukulu

Kawiri konse dziko lino latsamira pa mtengo umodzi, ndipo kawiri konse mtengowo wathyoka: njanji ya malasha ndi mafuta mu 1965, ndi mvula ya Zambezi mu 2024. Munthu wanzeru sagwetsa nkhokwe yace munda watsopano usanabale, cotero malasha a pa Maamba sadzazimitsidwa mawa. Koma wanzeru yemweyo sayesa nkhokwe yosabwezeredwa ngati colowa ca zidzukulu zace. Aifutukula minda kufikira nkhokweyo ikhala ya pa njala pokha.

Ena mwa inu mudzakhala amisiri a magetsi, ena aphunzitsi, ena makhansala, ena alembi m'maofesi a Boma, ndipo mapepala a nchito zatsopano adzadutsa m'manja mwanu. Pa nchito iri yonse, kaya ndi ya malasha, ya madzi kapena ya dzuwa, funsani mafunso awiri amene mbiri iyi yatisiyira. Loyamba: mphamvu imeneyi ikalephera, tidzagwira ciani? Laciwiri: adzalipira ndani, ndipo kodi wafunsidwa? Funso laciwirili likadafunsidwa moona mtima m'cigwa ca Gwembe mu 1955, khoma la Kariba likadamangidwabe, koma anthu a mfumu Chipepo akadakhala oyamba kuyatsa magetsi ace.